Mdzukulu wa mbewa anasamuka banja, ife tikali kuimba

Pali nyimbo imodzi imene mwana aliyense wa sekondale mu Lusaka amaidziwa, ngakhale amene sanapondepo m'kwaya: Kingdom, Phylum, Class, Order, Family, Genus, Species. Amaiimba ku Matero, amaiimba ku Chawama, amaiimba pa tuishoni ya m'galaji ku Kalingalinga. Ena anaipangila ciganizo coseketsa kuti zilembo zoyamba zisawathawe pa mayeso. Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndikunena poyela kuti nyimbo imeneyi ikuwononga ana. Mau ake ndi oona. Vuto lili pa cimene imaphunzitsa mwakacetecete: kuti kuika zamoyo m'magulu ndi nchito imene inatha kalekale, anaitsiliza azungu ovala mawigi, ndipo gawo la mwana wa m'komboni ndi kutsegula pakamwa ndi kumeza.

Mboni yanga pa mlandu uwu ndi cikumbu cochedwa Nicrophorus vespilloides. Musavutike kukacifunafuna m'ngalande za ku Kanyama. Zikumbu za mfunda wa Nicrophorus zilipo mitundu pafupifupi 70, ndipo kwao ndi ku Ulaya, ku Asia, ku America ndi m'mphepete mwa kumpoto kwa Africa. Kuno kum'mwela kwa Sahara kulibe. Ndacisankha dala, cifukwa akatswili akhala akuciyang'anitsitsa kwa zaka zoposa 200. Ngati pali kadoyo kamene malo ake m'nyimbo ija akanayenela kukhala atakhazikika pofika lelo, ndi aka.

Poyamba cidziweni. Ndi cakuda, cili ndi mizele iwili yofiilila ngati lalanje pamsana, ndipo cikakula kwambili cimafika masentimita awili. Cimakhala m'nkhalango. Mbewa kapena kambalame kakafa, cikumbuci cimamva fungo ndi tinyanga take n'kuulukila komweko. Cikapeza zinzake zafika kale pamabuka ndeu, zazimuna zokhazokha, zazikazi zokhazokha, ndipo kawilikawili cacikulu ndico cimapambana. Pamatsala mwamuna ndi mkazi. Awiliwa amalowa pansi pa mtembo n'kuyamba kufukula dothi, mtembo n'kumatitimila pang'onopang'ono mpaka kusowa. Liwilo lonseli n'lothawa nchenche, cifukwa nchenche ikaikila mazila pamtembo mphutsi zake zimamaliza cakudya conse. Pansi pa nthaka amasosola ubweya kapena nthenga, amaumba nyamayo kukhala kampila, n'kuipaka madzi ocokela m'kamwa ndi kumbuyo kwao amene amacedwetsa kuola. Mkazi amaikila mazila m'dothi pafupi pomwepo. Ana akaswa amakwawila pa kampila kaja, ndipo apa ndi pamene oona amagwila pakamwa. Makolo amadyetsa ana ao monga mbalame. Mwana amagwilagwila kukamwa kwa kholo ndi timiyendo take popempha, kholo n'kumulavulila nyama yogayika kale. Pakati pa tudoyo, tate amene amakhala pakhomo kulela ana ndi wosowa kwambili. Za anthu sindinenapo kanthu.

Musathamange kuciika pa khadi ya Tsiku la Amayi. Ana akaculuka kuposa nyama, makolo amadyako ena kuti otsalawo akule bwino. Ndipo pamene ana akali aang'ono, mkazi amatulutsa fungo limene limauza mwamuna kuti za kugonana ziyambe zaima. Pakatha pafupifupi sabata imodzi, mphutsi zokhuta zimacoka kukabisala m'dothi kuti zisanduke zikumbu, ndipo pa mbewa ija pamatsala timafupa tokha.

Tsopano dzina. Pa legisitala ya m'kalasi timayamba ndi mfunda, dzina la mwana n'kubwela pambuyo: Phiri wakuti, Banda wakuti. Maina a sayansi ali cimodzimodzi. Nicrophorus ndiye mfunda, genus ya m'nyimbo ija. Ndi mau ocokela ku Cigiliki, tanthauzo lake wonyamula mtembo. Vespilloides ndilo dzina la mtundu. Mu Roma wakale, vespillo anali munthu wonyamula mitembo ya amphawi usiku kukaiika m'manda. Kwathu kum'mawa tikanati mdzukulu. Kacidutswa komalizila, -oides, kamatanthauza wofanana ndi. Conco dzina lonse likuti: wonyamula mtembo, wofanana ndi mdzukulu. Wofanana naye cabe, cifukwa mdzukulu mwiniwake ndi mtundu wina, Nicrophorus vespillo, ndipo aliyense wa maso akhoza kuwasiyanitsa. Nsonga za tinyanga ta vespillo n'zofiilila ndipo miyendo yake yakumbuyo ndi yopindika. Za vespilloides n'zakuda bii, miyendo yoongoka. Johann Herbst, m'busa wa ku Berlin, anayang'ana ziwilizi mu 1783 n'kunena kuti ayi, izi si cimodzi. Kukana kwakeko ndiko kuli m'dzinali mpaka lelo.

Mukatsegula buku la akatswili mudzapeza kwalembedwa Nicrophorus vespillo (Linnaeus, 1758). Mabulaketi amenewo ndi cipsela. Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anakhazikitsa dongosolo la maina awili, anacha cikumbuci Silpha vespillo m'buku lake Systema Naturae la 1758. Mu 1775 wophunzila wake, Johann Christian Fabricius wa ku Denmark, anaona kuti mphunzitsi wake anaunjika zikumbu zosiyana m'thumba limodzi, ndipo anacicotsa mu Silpha n'kucipatsa mfunda watsopano, Nicrophorus. Lamulo limati mtundu ukasamutsidwa mfunda, dzina la amene anauchula poyamba lilowe m'mabulaketi. Ndiye kuti m'timizele tiwili timeneto muli mbili ya wophunzila amene anakonza mphunzitsi wake, mphunzitsi wochuka pa Ulaya yense, ndipo dziko linavomela. Ndi kalasi iti ya Biology imene inamvapo zimenezi? Ife timaphunzitsa kuti genus iyambe ndi cilembo cacikulu ndi kuti uike mzele pansi. Maliki awili. Basi.

Fabricius naye sanapulumuke. Mau a Cigiliki a mtembo ndi nekros, koma iye analemba Nicro-, ndi i. Mu 1789 Carl Peter Thunberg anayesa kumukonza n'kulemba Necrophorus, ndipo mabuku ambili akale anamutsatila. Koma malamulo a maina a nyama amati kalembedwe koyamba ndiko kamakhala, ngakhale kakhale kopunduka, kuti aliyense asamasinthe dzina mmene wafunila. Dziko lonse likali kulemba i wa Fabricius. Amene dzina lao linalembedwa molakwika pa NRC akumvetsa.

Mwina mukuti izi ndi za makedzana. Cabwino, tibwele m'nthawi ya WhatsApp. Kwa zaka zambili mabuku anali kunena kuti vespilloides imapezeka ku Ulaya, ku Asia ndi ku Canada konse. Koma panali cinthu cosamveka. Ya ku Ulaya imakonda nkhalango, pamene ya ku Canada inali kupezeka m'madambo onyowa. Mu 2016 Derek Sikes, Stephen Trumbo ndi Stewart Peck anayelekezela DNA, anayeza matupi, anakwatitsa za uku ndi za uko n'kuona kuti ana obadwawo sakucita bwino. Anagamula kuti za m'madambo ndi mtundu wina. Sanapeke dzina latsopano. Anafukula lakale, Nicrophorus hebes, limene William Kirby anapeleka mu 1837 koma obwela pambuyo pake analikwilila ponena kuti n'cimodzimodzi ndi vespilloides. Dzina linagona m'manda zaka zambilimbili n'kuuka. Vespilloides yeniyeni ku America inatsala ku Alaska ndi kumpoto cakumadzulo kwa Canada.

Ndiye pali nkhani ya banja, ndipo iyi ndiyo yaikulu. Aliyense amene analoweza cikumbuci caka ca 2022 cisanafike analemba kuti Family: Silphidae, banja laling'ono la mitundu pafupifupi 200 ya zikumbu zokonda zakufa. Koma kuyambila m'ma 1920 panali ena okayikila ngati banjali n'loima palokha. Tayang'anani cithunzi ca Nicrophorus cakumbuyo: zikamba zophimba mapiko n'zazifupi ngati zodulidwa ndi lumo, matako ali pamtunda. Kavalidwe kameneka kamakumbutsa banja lina lalikulu, Staphylinidae, la mitundu yoposa 60,000. Umboni wa DNA unapitiliza kuloza komweko, ndipo mu 2022 gulu la akatswili lotsogoleledwa ndi Chenyang Cai linatsitsa Silphidae kukhala nthambi cabe mkati mwa Staphylinidae, yochedwa Silphinae. Banja latsopanoli mumalidziwa. Kadoyo kakuda ndi kofiila kochedwa Nairobi fly, kamene ukakaphwanyila pakhungu kamasiya cilonda ngati wapsa ndi moto, si nchenche ayi. Ndi cikumbu ca mfunda wa Paederus, ca m'banja lomwelo. Mdzukulu wa mbewa za ku England ndi kadoyo kokuocha pakhosi kuno ku Africa ali pacibale.

Mabuku ndi masamba ambili a pa intaneti akali kulemba Silphidae. Nanga mwana amene anaphunzitsidwa kuti yankho ndi limodzi acite ciani akapeza awili? Amaganiza kuti wina wanama, kapena kuti iye ndiye mbuli. Palibe amene anamuuza kuti gulu lililonse m'nyimbo ija ndi ganizo la munthu pa nkhani ya cibale, lonena kuti awa anacokela kwa kholo limodzi, ndipo ganizo limagwa umboni watsopano ukabwela.

Wina kumbuyo kwa minibasi adzati, manje ise vitikhudza bwanji? Funsani a ku Oklahoma. Kumeneko kuli Nicrophorus americanus, cacikulu koposa pa abale ake ku North America, cofika masentimita atatu ndi kupitilila, ca cigamba cofiila pamapewa. Kale cinali m'zigawo 35 za United States. Pofika 1989 cinali kudziwika malo awili okha, kum'mawa kwa Oklahoma ndi pa kacilumba ka Block Island, ndipo boma linacilemba pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutha. Kucokela pamenepo, wofuna kuyala paipi ya mafuta kumene cimakhala anayenela kuyamba waona za cikumbu. Makampani a mafuta anadandaula, anapempha kuti cicotsedwe pa mndandandawo, ndipo mu 2020 citetezo cake cinacepetsedwa. Lamulo silingateteze cikumbu ciliconse cabe. Limagwila pa dzina, ndipo pa dzinalo pamakangana maloya ndi ndalama zambili.

Ngati Oklahoma ili kutali, tengani udzudzu. Kwa nthawi yaitali Anopheles gambiae unali kuonedwa ngati mtundu umodzi. M'ma 1960 akatswili anakwatitsa udzudzu wocokela m'madela osiyanasiyana, monga anadzacitila a Sikes ndi zikumbu zao, n'kupeza kuti ndi mitundu ingapo yofanana nkhope. Wina umaluma anthu m'nyumba usiku. Wina, arabiensis, umalumanso panja ndiponso umaluma ng'ombe, motelo neti ndi mankhwala opopela pakhoma siziugwila mokwanila. Wina, quadriannulatus, umakonda nyama ndipo suli ndi mlandu weniweni pa malungo. Ukalephela kuisiyanitsa udzawononga ndalama ya mankhwala pa udzudzu wosalakwa, ana n'kumadwalabe. Nkhaniyonso sinathe m'ma 1960. Mu 2013 Maureen Coetzee wa ku Johannesburg ndi anzake anapatula mtundu wina n'kuucha Anopheles coluzzii.

Tsopano kwa anzanga a mbali ina, amene pa Facebook amati maina onsewa ndi utsamunda, tiwataye. Zambili zimene mumanena n'zoona ndipo sindizipeputsa. Linnaeus yemweyo anagawa anthu m'magulu anayi, ndipo zimene analemba za ife a mu Africa n'zacipongwe. M'mapanga a ku Slovenia muli kacikumbu kosaona kochedwa Anophthalmus hitleri, dzina la 1937 lolemekeza Hitler, ndipo mtima womwe uja wosafuna kusintha maina, umene unateteza i wa Fabricius, ndiwo ukuteteza dzina lonyansali. Mbalame imene imapezeka mu Zambia mokha, Lybius chaplini, inachedwa dzina la Drummond Chaplin, bwana wa atsamunda ku Rhodesia. Zimandiwawa inenso.

Koma wotaya maina wacoka pabwalo mlandu ukali mkati. Mu July 2024, pa msonkhano wa akatswili a zomela ku Madrid, anavota kucotsa mau acipongwe akuti caffra ndi ena ofanana nao pa maina oposa 200 a zomela, bowa ndi ndele, n'kuikapo afra. Amene anabweletsa pempholo, Gideon Smith ndi Estrela Figueiredo, amagwila nchito ku South Africa. Analowa m'bwalo akudziwa malamulo ake, analemba pempho lao m'cinenelo ca bwalolo, ndipo mau aja anagwa. Wotukwana ali kunja kwa mpanda sanavoteko.

Nanga maina athu? Ndi abwino, ndipo eni ake ndi akatswili. Wokumba mbewa ku Katete amasiyanitsa mitundu ya mbewa pongoona una. Mayi wogulitsa bowa pa Soweto amadziwa wodyedwa ndi wakupha, ndipo iye akalakwitsa sataya maliki, amataya munthu. Kumeneko ndiko kuika zamoyo m'magulu, ndi maso ndi umboni, monga anacitila Herbst. Koma maina a pamudzi ndi pamsika amathela pamene njala ndi mantha zathela. Cimene sitidya, cosatiluma, cosadya cimanga cathu, timangoti cikumbu, kadoyo. Zikumbu zimene zinalembedwa kale zilipo mitundu pafupifupi 400,000. Palibe cinenelo, kaya Cinyanja, Cibemba kapena Cingelezi, cimene cili ndi maina okwanila pamenepo. Ndipo musaganize kuti Cilatini ndi ca Mngelezi. Mwana wa ku London amaluma lilime pa vespilloides ngati inu nomwe.

Cimene cimandikwiyitsa ndi ici. Mwana amafika ku sekondale ali nalo kale luso la agogo ake. Amadziwa ciwala codyedwa ndi conunkha cija ca mawanga, amadziwa nyelele zoluma ndi zosaluma. Ife timamulanda luso limenelo pakhomo la kalasi n'kumupatsa nyimbo. Pakutha zaka zingapo amatuluka atakhulupilila kuti sayansi imakhala m'pamfuleti, ndi kuti zimene maso ake akuona zilibe kanthu mpaka mzungu atazilemba. Amene mukufunafuna utsamunda m'maphunzilo, uli pamenepa, ndipo tikuugawa ndi coko tokha.

Aphunzitsi anzanga adzandiyankha, ndipo yankho lao ndikulidziwa cifukwa timamwela tiyi m'cipinda cimodzi. Kalasi ladzaza mpaka pakhomo, labu ilibe zida, silabasi ndi yaitali, ndipo mwana amafunsa funso limodzi lokha: "Ba Ticha, ivi vizabwela mu exam?" Zoona zonse. Koma Herbst analibe DNA, Fabricius analibe magetsi. Zida zao zinali botolo, singano, galasi lokulitsa ndi cizolowezi cokangana. M'mabuku athu muli kale cida cochedwa dichotomous key, ca mafunso a inde kapena ayi, koma timaciphunzitsa ndi zithunzi za masamba zojambulidwa pa pepala. Mvula ikayamba, pansi pa nyale ya pacipata pamagwa tudoyo tokwanila kalasi lonse, kwaulele. Tolani khumi, gawani ana m'magulu awili, auzeni aike tudoyoto m'mabanja ndipo afotokoze cifukwa. Adzatsutsana. Ena adzayang'ana mapiko, ena tinyanga, ena miyendo. Asiyeni akangane mphindi makumi awili musanawapatse mau a Coleoptera. Mwana amene anateteza gulu lake pamaso pa anzake sadzaiwala tanthauzo la Order pa mayeso, ndipo tsiku limene adzapeza mabuku awili akusemphana sadzanjenjemela.

Ndipo inu amene munamaliza sukulu, khoswe wakufa kuseli kwa msika ndi labu yokwanila. Mdzukulu wa ku Ulaya sadzabwela kudzamuika, conco onani amene amabwela. Oyamba ndi nchenche zobiliwila zonyezimila, zambili za mfunda wa Chrysomya, zimene zimafika mphindi zocepa cabe. Nyelele zimatsatila. Mtembo ukauma kumabwela Dermestes maculatus, cikumbu comwe cija cimene cimaboola nsomba zouma m'matumba a amalonda. Mdzukulu uja alinso ndi msuweni kuno. M'maiko ambili a kum'mwela kwa Sahara muli cikumbu ca nthambi yomweyo ya Silphinae, cosakumba manda, congodyela pamtunda, cimene akatswili a pa Rhodes University ku South Africa anayeza kakulidwe ka mphutsi zake kuti zithandize apolisi kudziwa tsiku limene munthu anafa. Dzina lake limalembedwa Thanatophilus micans (Fabricius, 1794). Fabricius anaciika mu Silpha, obwela pambuyo pake anacisamutsa, ndipo naye analowa m'mabulaketi.